Dzina la m'Thumba la Kumanzere

Danika Friesen anaima pakati pa holo yodyera atanyamula mbale ya supu, n'kupeza kuti pamalo pake pakhala munthu. Mpando wa pazenera, umene ankakhalapo tsiku lililonse chiyambire Giredi 9, unali ndi mtsikana wachilendo uja, Liezel Bautista. Pambali pake panali Tessa Kroeker, mnzake wa Danika wa ponda apa nane mpondepo, akuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Koka mpando uwo, Danika," anatero Tessa akupukuta misozi. "Tamva za uyu. Akuti tsiku loyamba kugona kuno anatuluka kukataya zinyalala tsitsi lili lonyowa, n'kubwerera litaundana ndi kuzizira, litauma gwa ngati waya."

"Ndinkaganiza kuti lithyoka," anatero Liezel. "Ndinayenda khosi lili chilili mpaka m'nyumba."

Danika anakhala kumapeto kwa tebulo ndipo anaseka nawo, koma kunali kuseka kwa mano okha. Supu ija anangoitakasa ndi supuni mpaka inazizira.

Danika ndi Tessa anakulira limodzi. Ankakwera basi imodzi, mpando umodzi, ndipo Loweruka lililonse m'nyengo yozizira ankapita limodzi kukatsetsereka pa madzi oundana. Ndiye mu Novembala kunabwera Liezel kuchokera ku Vancouver, kumene nyengo yozizira imangokhala ya mvula chabe. Mayi ake anali atapeza ntchito kufakitale yokonza nyama ya nkhumba m'tauni yathu ino ya ku Manitoba. Sipanathe milungu itatu, pakamwa pa Tessa panali Liezel yekhayekha. Liezel wajambula chakuti, Liezel wanena chakuti. Akanakhala wamwano mtsikanayo bwenzi zitaphweka, munthu akanamuda ndi mtima umodzi. Koma anali wansangala, wopatsa moni aliyense, ndipo zimenezo n'zimene zinkamupweteka kwambiri Danika. Kunena mosabisa, nsanje inamugwira mwana wa a Friesen, ndipo inamugwira zolimba.

Chimene chinkamudya kwambiri ndi cha m'mawa. Basi ikangofika pasukulu, Tessa ankati, "Tsogola, ndikupeza," n'kuzimiririka. Belu likatsala pang'ono kulira ankatulukira pa masitepe a kunsi ali ndi Liezel, onse akutafuna, akunong'onezana.

"Mumakhala kuti m'mawa monsemu?" Danika anafunsa tsiku lina.

"Kungozungulira basi."

"Nanga Loweruka bwanji sunabwere? Ndinakudikira ola lathunthu."

"Ndinatopa. Komanso bambo ali pakhomo masiku ano, amafuna ndiziwathandiza."

Danika sanafunse chifukwa chimene bambo a Tessa ankakhalira pakhomo pakati pa mlungu. Mutu wake unali pa Liezel basi.

Chinthu chimodzi chimene Danika ankati palibe angamulande ndi Chipinda 14. Ndi kachipinda kakale kosungiramo katundu, kunsi pafupi ndi makina otenthetsera sukulu, kumene anthu sadutsadutsa. Muli majekete, majombo, magolovesi, zakudya za m'zitini, mabanzi ndi zipatso. Zonsezo zimaperekedwa ndi anthu a m'tauni ndi ana a sukulu omwe. Chitseko chake sichikhomedwa. Wophunzira amene alibe jekete, kapena wachoka kunyumba osadya, amangolowa n'kutenga, osalemba dzina, osapempha munthu. Mayi Sawchuk, mphunzitsi amene anachiyambitsa, ali ndi malamulo awiri okha ndipo amawanena mpaka kutopetsa.

"Dzina lichoke, pakamwa patsekeke," amatero. "Ukaona chovala chako pathupi pa mnzako, sunachione."

Za dzinazo n'chifukwa chakuti makolo kuno amalemba dzina la mwana pa kansalu ka pakhosi pa jekete, poti majekete amasokonekera tsiku ndi tsiku. Choncho Lachisanu lililonse ana ongodzipereka amakhala m'chipindamo ndi sizasi, kudula tinsalu timeneto chovala chisanapachikidwe. Mtsogoleri wawo kwa zaka ziwiri anali Danika. Ntchitoyo ankaigwira ndi mtima wonse, tisamunamizire. Koma ankakondanso kuyamikiridwa. Chithunzi chake atanyamula mulu wa majekete chinali pakhoma pafupi ndi ofesi, ndipo sankadutsapo osachiyang'ana.

Chaka chimenecho bambo ake anamugulira jekete latsopano loyera, lalitali mpaka m'maondo. Lofiira lakale lija analipereka ku Chipinda 14, ndipo kansalu ka dzina anadula yekha.

Mu Disembala kumakhala msonkhano wothokoza anthu a m'tauni amene apereka zinthu. Chaka chathacho amene anayankhula anali Danika. Ulendo uno Mayi Sawchuk anasankha Liezel, poti ndiye anajambula zikwangwani zonse zopempha thandizo, ndipo katundu anabwera wambiri kuposa kale.

"Ayankhula bwino ameneyu," anatero Tessa m'basi madzulo ake. "Amadziwa kufika anthu pamtima."

"Ndiye kuti ine chaka chatha ndinkangobwebweta?"

"Ndanena zimenezo ine? Koma iwe masiku ano."

Danika anayang'ana pawindo njira yonse.

Lolemba lotsatira kunazizira koopsa, ndipo Liezel, amene masiku onse ankabwera ndi kajekete kopyapyala ka mvula, anafika atavala jekete lofiira. Danika anangoliona kamodzi n'kulizindikira. Pamkono wa kumanja panali kachipsera kamene kanabwera ndi nthethe ya moto ali kokacheza kutchire. Linali lake lomwe lija. Ali chiyang'anire anakumbukiranso china. Ali Giredi 8 anatayapo jekete kubwalo la masewero, ndipo chichokereni pamenepo mayi ake ankalemba dzina kawiri, pakhosi ndi m'kati mwa thumba la kumanzere. La m'thumbalo anaiwala kulidula.

Choyenera kuchita ankachidziwa bwino lomwe. Akanatha kuuza Mayi Sawchuk mwakachetechete, kapena kungokhala chete, poti thumba satembenuza munthu. Anakhaladi chete masiku atatu, koma chinsinsicho ankachisunga ngati mwala wobisa m'manja. Akaona awiriwo akuseka, ankadziuza mumtima kuti, seka lero, ndikudziwa chimene wavala.

Lachinayi ataweruka, ana anadzaza pakhomo lalikulu kudikira mabasi, poti panja panali madigiri 29 pansi pa ziro. Tessa anali akumukonza Liezel kolala.

"Koma zofiira zimakukhala, mwana iwe," anatero. "Mawa pamsonkhano uvale lomweli."

Mtsikana wina wa Giredi 12 dzina lake Raylene anacheuka. "Zoona, n'lokongola. Unagula kuti?"

Liezel anazengereza pang'ono. "Anandipatsa azakhali anga."

"Azakhali akowo dzina lawo ndi Danika?"

Mawuwo anatuluka m'kamwa mwa Danika mokweza kuposa mmene ankafunira. Amene anali pafupi anasiya kucheza.

"Danika," anatero Tessa motsitsa mawu. "Usatero."

Akanati anene wina aliyense mwina Danika akanasiya. Koma poti anali Tessa, ataima mbali ya Liezel, atamugwira pamkono, mtima wa Danika unangoti phwii. Anatambasula dzanja, kulilowetsa m'thumba la kumanzere la jeketelo n'kulitembenuza. Pa nsalu yoyera ya m'kati panali zilembo zakuda za dzanja la mayi ake: D. FRIESEN.

"Si ili dzina langa," anatero. "La ku 14 limeneli. Ukanangonena zoona."

Mnyamata wina kumbuyo anaseka kamodzi n'kudzigwira pakamwa. Liezel sanalire ndipo sanatukwane. Anatsegula zipi pang'onopang'ono, kuvula jeketelo, kulipinda bwinobwino n'kuliika m'manja mwa Danika.

"Zikomo pondibwereka," anatero.

Kenako anakankha chitseko n'kutuluka atangovala juzi. Iye sankakwera basi, kwawo kunali kuseri kwa njanji, ulendo wa mphindi makumi awiri wapansi. Tessa anamuthamangira akumuitana, koma mabasi anali atafika ndipo aphunzitsi anamubweza. M'basimo anakakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Danika anakhala yekha, jekete lofiira lili pamiyendo, ndipo chisangalalo chimene ankayembekeza kumva sichinabwere n'komwe.

Mawa lake Liezel sanabwere. Mphepo yozizira ija inali itamuwotcha makutu ndi nsonga za zala, ndipo mayi ake anachoka kuntchito kukamuonetsa kuchipatala. Pamsonkhano wothokoza uja anayankhula Mayi Sawchuk okha, mwachidule. Danika ankadikira kuitanidwa ku ofesi kukakalipidwa. Mlungu wonse unatha osaitanidwa, ndipo kudikirako kunamuwawa kuposa kukalipidwa. Tessa sankamuyankhula. Akamutumizira uthenga pafoni ankangouwerenga osayankha.

Lachisanu lotsatira Danika anatsikira ku Chipinda 14 ndi sizasi yake monga mwa masiku onse. Anapeza Mayi Sawchuk ali okha, atakhala pa bokosi. Pakona panali mulu wa zovala wofika m'chiuno.

"Zabwera zatsopano?" anafunsa Danika.

"Zabwerera," anatero Mayi Sawchuk. "Chiyambire Lachisanu lapitalo, m'mawa uliwonse ndikumapeza zili pakhomopa. Majekete khumi ndi limodzi. Majombo, magolovesi. Mabanzi aja ndataya dzulo, achita nkhungu, palibe wabwera kudzatenga ngakhale limodzi."

"Koma bwanji? Ine ndinangonena za Liezel yekha."

"Mwana aliyense amene anatenga kanthu muno akudzifunsa kuti mwini wake amuvula liti pagulu. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuwauza kuti muno mulibe maso. Tsopano ndiwauze chiyani?" Anatambasula dzanja. "Bweretsa sizasiyo, mwanawe. Ukafuna kuthandiza, uzibwera kudzasesa."

Danika anapereka sizasiyo. Pofuna kubisa nkhope anawerama n'kuyamba kutola za pamuluzo. Pansi pake anapeza majombo akhofi, aubweya m'kati, omangidwa ndi zingwe zachikasu. Anawagwira m'manja osatha kuwasiya. Zingwe zimenezo anagula ndi iye mwini, n'kumupatsa Tessa pa tsiku lake lobadwa mu Okutobala, akuti majombo ake atsopanowo achangamuke. Apo m'pamene anakumbukira kuti mlungu wonsewo Tessa ankabwera kusukulu ndi nsapato zansalu zochitira masewero, zonyowa ndi chipale chofewa.

Anakamupeza Tessa pa kabati yake akulongedza mabuku.

"Tessa, majombo ako ali kunsi."

"Si anga. Ndinabwereka. Kapena nawonso ukufuna ukalengeze?"

"Bwanji sunandiuze?"

Tessa anatseka kabatiyo n'kumuyang'ana kwa nthawi yoyamba m'masiku asanu ndi atatu. "Bambo anawachotsa ntchito mu Ogasiti. Ndinakuuza kuti ali pakhomo, sunafunse. Loweruka ndinasiya kubwera chifukwa nsapato zotsetserekera zija tinagulitsa. M'mawa uliwonse ndimakadya ku 14. N'kumene ndinakumana ndi Liezel, tonse tikulimbirana banzi lomaliza. Anangolinyema pakati n'kundipatsa, osandifunsa kanthu."

"Ukanandiuza ndikanakupatsa chilichonse. Ukudziwa zimenezo."

"Ndikudziwa. Ukanandipatsa, kenako tsiku lililonse ukanamandiyang'ana kumapazi kuti uone ngati ndavala. Ndimakudziwa, Danika. Ndinkangoganiza kuti ndikukunamizira mumtima, koma Lachinayi lija ndinaona ndekha."

Ananyamula chikwama n'kumapita, nsapato zake zikusiya madontho a madzi pansi. Danika anakadzitsekera m'chimbudzi n'kulira, ndipo sikunali kulira kwa nsanje ayi, anali manyazi.

Loweruka anapita kuseri kwa njanji. Liezel anatsegula chitseko yekha. Nsonga za makutu ake zinali zikusupuka, ndipo zala ziwiri zinali zomanga.

"Ndabwera kudzapepesa," anatero Danika. "Ndinachita nsanje chifukwa cha Tessa. Palibe chimene unandilakwira. Jekete lija ndalichotsa dzina, ndasoka thumba lina. Ndi lako ukalifuna."

"Ndamva kupepesa kwako," anatero Liezel. "Jeketelo sindilifuna. Ndikalivala sukulu yonse iziona dzina lako ngakhale palibe. Ine anzawo a mayi kuntchito andipezera lina. Koma ukaone ana a Giredi 9 pamalo odikirira basi Lolemba. Ena ali ndi majuzi okha."

Anatseka chitseko mwaulemu, osachimenyetsa. Madzi akatayika saoleka, ndipo Danika anabwerera kwawo akudziwa kuti pepani yekha sangaveke munthu.

Lolemba m'mawa anatsika basi n'kulunjika kunsi, nthawi imene masitepe amakhala odzaza ndi ana opita kumakalasi a zaluso. Anatsegula chitseko cha Chipinda 14 n'kuchisiya chosatseka. Anavula jekete lake loyera, kutulutsa sizasi ya mayi ake, kudula dzina la pakhosi, kudulanso la m'thumba, n'kulipachika pakati pa anzake. Kenako anapita kumapeto kwenikweni kumene kunali chijekete china chimene chinakhala pamenepo zaka ziwiri osachifuna munthu. Chinali cha alenje, chalalanje lowala mpaka kupweteka maso, chachikulu choti n'kulowamo anthu awiri, chonunkha mafuta a injini. Anachivala n'kutuluka nacho.

Anamuseka, nanga akanalekeranji? Anyamata a Giredi 12 ankamufunsa ngati wapha mphoyo zingati. Ena ankamulambalala atagwira mphuno.

"Chimenechi wachitola kuti, Friesen?" anafunsa Raylene.

"Ku 14," anayankha Danika mokweza. "N'chofunda. Kwatsala ena ambiri, abwino kuposa ichi."

Anayankha chimodzimodzi kwa aliyense wofunsa, tsiku limenelo ndi masiku otsatira. Kunyumba mayi ake anakalipa mpaka mawu kusasa, akuti jekete latsopano bambo ako achita kuligwirira ntchito iwe n'kukalipachika kusukulu. Danika anawafotokozera zonse osasiyako, kuyambira pa thumba lija. Atamva zonsezo, mayiwo anatenga chijekete chalalanjecho n'kukachichapa. Fungo la mafuta silinachoke.

Mlungu woyamba palibe chinasintha. Ena ankati akungodzionetsera, ndipo mwina pang'ono sankanama. Tchuthi cha Khirisimasi chinafika n'kudutsa. Sukulu itatsegulidwa Danika anabwera nacho chijekete chomwecho, anthu atatopa n'kuseka, ndipo nkhomaliro ankadya yekha kumapeto kwa tebulo. Chithunzi chake cha pakhoma chija anapempha ku ofesi kuti achichotse.

Lachisanu lachiwiri la Januwale, akusesa m'Chipinda 14, anaona mahang'ala anayi akulendewera opanda kanthu. Dengu la mabanzi linali theka. Anayang'ana pashelefu ya nsapato n'kuona mpata pamene panali majombo akhofi aja. Anatsegula pakamwa kuti auze Mayi Sawchuk, kenako anatseka, n'kupitiriza kusesa. Koma jekete lofiira lija, limene Danika analibwezera m'chipindamo, linali pomwepo. Linakhala pamenepo mpaka chipale chinasungunuka, palibe analikhudza.

Madzulo a tsiku limenelo Danika anakhala pampando wawo wakale m'basi, chijekete chitadzaza mpando wonse. Tessa anakwera pomalizira. Anadutsa malo ake a pafupi ndi dalaivala, n'kubwera kudzaima pambali pake.

"Chikununkhabe chimenechi," anatero.

"Mayi achichapa kawiri."

"Chimakunyansitsa kwabasi."

"Ndikudziwa."

Tessa sanakhale naye. Anakhala pampando wa tsidya lina la kanjira, chikwama chili pamiyendo, n'kuyang'ana kutsogolo. Aja anali mawu ake oyamba kwa Danika m'mwezi wathunthu. Basi itanyamuka maso a Danika anatsikira okha pansi asanawaletse. Tessa anali atavala majombo akhofi aja. Zingwe zachikasu anali atazichotsa, n'kuikamo zakuda zofanana ndi za wina aliyense.

Danika anabweza maso msanga n'kuyang'ana pawindo, ndipo sanayang'anenso pansi mpaka anatsika.